Kuimitsa script ya ku Limbe ndili ku Chilomoni: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba

Script (kapulogalamu ka Python) imene ndikuikonzayi imayenda pa Raspberry Pi 4, kakompyuta kakang'ono, mu ofesi ina yaing'ono yowerengera ndalama za mashopu ku Limbe. Ntchito yake si yozunguza mutu. Pa hadi disiki yolumikizidwa ku Pi pali zithunzi za malisiti ndi ma invoisi zimene anthu a mu ofesimo akhala akusikana kwa zaka zambiri. Script imatenga chithunzi chimodzi, kuchichepetsa ndi Pillow (chida cha Python chokonzera zithunzi), kuchitumiza ku Google Drive kudzera pa rclone (pulogalamu yotumizira mafayilo), n'kulemba mu SQLite (kaundula wa pa kompyuta) kuti chimenechi chapita. Ikatero imatenga china. Mafayilo alipo masauzande ankhaninkhani, intaneti ndi ya rauta ya 4G, ndiye ntchitoyi ndi ya masabata.

Ikayamba kutumiza, intaneti ya ofesi yonse imatsamwa. Ena amadabwa kuti kutumiza kungasokoneze bwanji munthu amene akungotsegula tsamba, koma chifukwa chake chilipo. Kompyuta ikamalandira zinthu imayenera kumabweza timauthenga tovomereza kuti zafika, ndipo timauthengato timafola pamzere womwewo umene zithunzi zathu zafolapo. Mzere ukatalika, zonse zimachedwa. Masiku wamba anthu amangodandaula n'kupirira. Koma likamayandikira tsiku la 14, lomaliza la PAYE, kapena la 25 la VAT, aliyense amakhala ali pa Msonkho Online, tsamba la misonkho la MRA, ndipo palibe wa mtima wodikira.

Njira imene anadzipezera okha ndi yozula chingwe cha Pi pakhoma. Sindingawanene, poti palibe batani lina limene anapatsidwa. Kungoti memori khadi ya Pi sikondwa kuzimidwa ili pakati polemba, ndipo kuthimathima kwa magetsi kukuizunza kale mokwanira. Njira ina ndi yondiimbira foni. Ine ndimakhala ku Chilomoni, ndipo kuti ndikafike ku Limbe ndimakwera minibasi yotsikira m'tauni, kenako ina ya mu Chipembere Highway. Pofika ine chingwe chimakhala chitazulidwa kalekale.

Chimene ndikufuna ndi chochepa. Munthu atenge foni, aone ngati script ikuyenda, athe kuiimitsa, athe kuiyambitsanso. Basi.

Lachiwiri

Ndisanalembe mzere uliwonse ndaona kaye njira zimene zilipo kale.

Ya `kill -STOP` imaumitsa pulogalamu pomwe ili, `kill -CONT` n'kuidzutsa. Ndi yachangu, koma imaumitsa Python yekha, pamene rclone, amene ndi pulogalamu ina yobadwa kwa script, amapitiriza kutumiza ngati palibe chachitika. Ukawaumitsa onse awiri kwa ola lathunthu, mbali ya Google imakhala itatopa kudikira n'kudula. Njira yachiwiri ndi yoika kafayilo kachizindikiro kamene script izikaona ngati kalipo. Imagwira, ndipo ndaigwiritsapo ntchito kwina. Koma ndani akalenge kafayiloko? Amayi a pa risepishoni sangayambe kuphunzira SSH, njira yolowera mu kompyuta ina n'kumalembamo malamulo, chifukwa cha malisiti. Yachitatu ndi yakuti rclone mwiniwake ali ndi khomo lake lolamulira, la `--rc`, limene limamvetsera pa port 5572. Likanathandiza pakanakhala rclone mmodzi wokhalitsa, koma kwa ife amabadwa n'kufa pa fayilo iliyonse, ndipo sadziwa kalikonse za Pillow kapena SQLite.

Yatsala ndi HTTP, chilankhulo chimene browser imalankhulira ndi seva, chifukwa foni iliyonse ili ndi browser. Flask, chida chopangira masamba mu Python, ndilibe naye mlandu, koma mapempho atatu okha, kuona, kuimitsa ndi kuyambitsanso, sakufuna kuikapo china chilichonse. Python amabwera ndi `http.server` m'thumba, ndipo Raspberry Pi OS ya Bookworm ili ndi Python 3.11. Zolemba za Python zimachenjeza poyera kuti kasevaka si koika pa intaneti ya aliyense, poti chitetezo chake n'chochepa. Chenjezoli ndalimva, ndipo ndi limene lindiuze malo amene kaziloledwa kumvetsera.

Lachitatu usiku

Mbali ya HTTP yagwira popanda mpungwepungwe. Seva ikukhala mu thread yakeyake (kanjira ka ntchito koyenda pakokha mkati mwa pulogalamu yomweyo), script ikupitiriza ntchito mu thread yaikulu.

```python
seva = ThreadingHTTPServer(("127.0.0.1", 8765), Woyankha)
threading.Thread(target=seva.serve_forever, daemon=True).start()
```

Port 8765 ndangoisankha. Zosafika 1024 zimafuna mphamvu za root, wolamulira kompyuta yonse, ndipo script ya malisiti sindingaipatse zimenezo. Mawu a `daemon=True` akutanthauza kuti thread yaikulu ikamaliza kapena ikagwa, sevayo igwere limodzi, isatsale ikuyankha mafunso a ntchito imene yafa.

Ndasankha ThreadingHTTPServer, imene inabwera ndi Python 3.7, osati HTTPServer wamba. Chifukwa chake ndi ma browser. Ena amatsegula kulumikizana pasadakhale, osanena kanthu, poyembekezera kuti mwina mwini foni adina chinachake. Seva yotumikira mmodzimmodzi imangoti duu kudikira ameneyo, ena onse n'kumaona ngati yafa. Ndawonjezeranso `timeout = 10` pa Woyankha, gawo limene limayankha mapempho, kuti foni imene yatuluka mu Wi-Fi isanamalize kulankhula isagwire thread mpaka kalekale.

Chogwirizanitsa ma thread awiriwa ndi `threading.Event` imodzi, imene ili ngati chitseko chimene thread ina imatsegula kapena kutseka, inayo n'kumadikira.

```python
pitirira = threading.Event()
pitirira.set()

for chithunzi in zotsala():
    pitirira.wait()
    chepetsa(chithunzi)
    tumiza(chithunzi)
    lemba_kuti_chapita(chithunzi)
```

Pempho la `/imani` limachita `clear`, la `/pitirizani` limachita `set`. Script ikafika pa `wait` n'kupeza kuti njira yatsekedwa, imagona pomwepo osadya CPU. Ndayesa ndi `curl -X POST http://127.0.0.1:8765/imani` ndili mkati mwa Pi momwe, yaima. Ndatumiza linalo, yapitiriza.

Lachisanu

Lero ndinali ku Limbe, ndipo zaoneka kuti ntchito yeniyeni si ya HTTP ayi.

Ndinatsegula katsamba koyesera pa Pi, ndinalumikiza sikilini, n'kuwaitana amayi a pa risepishoni kuti adine okha. Anadina. Tsamba linalemba kuti yaima. Iwo anayang'ana timagetsi ta rauta, tikuphethirabe, n'kunena kuti, "Achimwene, chinthu chanuchi chikunama. Onani, chikutumizabe."

Sananame. Nthawi imeneyo rclone anali pakati pa PDF yaikulu, ya buku lonse la malisiti losikanidwa pamodzi, ndipo script inali isanabwerere pa `wait` paja. Tsamba linkanena zimene tapempha, osati zimene zachitika. Munthu akadina, naona kuti intaneti ikadali yotsamwa, sadikira mphindi ziwiri. Amapita kukhoma.

Ukauza kondakitala kuti "wotsika", dalaivala saima pakati pa raundabauti ya ku Chichiri, amakusiya pa siteji. Script nayonso ili ndi masiteji ake, ndipo siteji yabwino ndi pamene fayilo yatumizidwa n'kulembedwa mu SQLite. Choncho pali zinthu ziwiri zoti zichitike. Choyamba, tsamba lizinena zoona. Tsopano pali mikhalidwe itatu, "ikuyenda", "ikuima" ndi "yaima", ndipo womalizawu amaulemba ndi thread yaikulu yokha, ikafikadi pa `wait`. Woyankha pempho alibe chilolezo cholemba kuti yaima. Iye amangobweza 202, nambala imene mu HTTP imatanthauza kuti pempho lalandiridwa koma ntchito yake sinathe, kusiyana ndi 200.

Chachiwiri, masiteji asatalikirane kwambiri. Chithunzi wamba chikachepetsedwa chimapita m'masekondi ochepa, koma ma PDF aja amatha kudya mphindi zingapo. Ndachotsa `subprocess.run`, imene imagwira script mpaka rclone atamaliza, ndaika `Popen`, ndipo script ikumasuzumira sekondi iliyonse. Ikaona kuti papemphedwa kuima, imampatsa rclone masekondi 30. Akamaliza, zili bwino. Akapanda kumaliza, imamudula ndi `terminate`. Fayilo yodulidwayo sinalembedwe kuti yapita, ndiye idzayambanso poyamba. Bandulo imene inapita pa theka lakelo yatayika, ndikudziwa, koma ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi memori khadi yowonongeka.

Apa ndinaganizaponso za ngozi ina. Bwanji fayilo itafika ku Drive, magetsi n'kuthima script isanalembe mu SQLite? Google Drive imalola mafayilo awiri a dzina limodzi mu foda imodzi, ndiye pakanakhala mapasa. Mwayi wake rclone amayamba waona kaye zimene zili uko, ndipo ndi `--checksum` amafananitsa kukula kwa fayilo komanso MD5, chidindo chowerengedwa kuchokera pa zimene zili m'fayilomo. Akapeza kuti n'chimodzimodzi, satumizanso.

Panalinso `time.sleep` wa mphindi 5 amene script imagona intaneti ikadula. Munthu akadina pa nthawi imeneyo, tsamba likanakhala pa "ikuima" mphindi zonsezo, chonsecho palibe chikutumizidwa. Ndaikapo Event ina yokhala ndi malire a nthawi, imene pempho lililonse limaidzutsa.

Titayesanso, amayi aja anaona "ikuima", kenako "yaima", timagetsi n'kudekha. Anangoti, "Eya, tsopano ndiye zikumveka."

Loweruka

Zazing'ono. Manambala a momwe ntchito ikuyendera ali mu dict (kamndandanda ka mu Python) imodzi yotetezedwa ndi Lock kuti ma thread asaigwire pamodzi, ndipo Woyankha amakopera kaye asanapange JSON. Ndatseka pakamwa `log_message`, imene imalemba mzere pa pempho lililonse, kuphatikizapo la `/favicon.ico` limene browser imapempha yokha. Memori khadi isamalembedwe zopanda pake.

Lolemba, sabata yachiwiri

Abwana a ofesi anafunsa funso labwino. "Bwanji osangopanga malinki awiri, ina yoimitsa ina yoyambitsa, tiike pa gulu lathu la WhatsApp? Munthu azingodina."

Zikanakhala zophweka, koma ndakana, ndipo ndilembe chifukwa chake pano poti funsoli lidzabweranso. Linki ikadinidwa, browser imatumiza pempho la mtundu wa GET. Malamulo a HTTP, amene analembedwanso mwatsopano mu RFC 9110 m'chaka cha 2022, amati GET ndi yongowerenga, siyenera kusintha kanthu. Mapulogalamu ambiri amadalira lonjezo limeneli ndipo amatsegula malinki osafunsa munthu. WhatsApp imachita zimenezi pa foni ya wotumiza pofuna kupanga kachithunzi koonetsa zimene zili pa linkiyo. Ndiye munthu ali mu ofesi, pa Wi-Fi yathu, angomata linki yoimitsa mu uthenga, script ikanaima iye asanatumize n'komwe. Ma browser nawo amatha kutsegula pasadakhale adiresi imene akuganiza kuti ukupitako, ndipo tsamba losiyidwa lotsegula limadzitsegulanso foni ikadzuka. Tikanakhala ndi script yomangoima yokha popanda wodziwa chifukwa.

Choncho GET ndi ya tsamba ndi `/momwe-zilili` basi, kuimitsa ndi kuyambitsa ndi za pempho la POST. Wobwera ndi GET pa `/imani` akulandira 405, kutanthauza kuti pempho la mtundu umenewo sililoledwa pamenepo. Abwana ndinawauza kuti, "Bwana, linki ikhalapo imodzi, yotsegula tsamba. Mabatani ali pa tsambapo." Anavomera.

Tsambalo ndi la HTML wamba, losungidwa mkati mwa script momwe, lopanda chithunzi kapena china chochokera kunja. Liyenera kutseguka ngakhale intaneti yakunja itafa. Mabatani ndi akuluakulu, mawu ndi a Chichewa.

Lachitatu

Nkhani ya kiyi, mawu achinsinsi olowera. Pasiwedi ya Wi-Fi ya mu ofesimo imaperekedwa kwa makasitomala amene akudikira, ndiye kukhala pa netiwekiyo si umboni woti ndiwe wa m'nyumba. Ndapanga makiyi ndi `secrets.token_urlsafe`, munthu aliyense wake. Tsamba limafunsa kiyi kamodzi, kumusunga mu browser ya foniyo, n'kumamutumiza mu header ya Authorization pa pempho lililonse. Pofananitsa ndikugwiritsa `hmac.compare_digest`. Wopanda kiyi akulandira 401, kutanthauza kuti wakanidwa.

Kuika kiyi mu header osati mu adiresi kuli ndi phindu pawiri. Sapezeka mu mbiri ya browser kapena mu linki imene wina angatumizire mnzake. Komanso tsamba lachilendo limene munthu watsegula pa foni yake silingangotumiza POST mobisa ku Pi n'kumvedwa, poti kiyi silimudziwa.

HTTPS, imene imabisa zodutsa pa netiweki, palibe. Munthu waluso amene ali pa Wi-Fi yomweyo angathe kumuona kiyi akudutsa. Ndadzifunsa kuti akamuba achita naye chiyani, ndipo yankho ndi lakuti aimitsa kapena kuyambitsa kutumiza malisiti. Ngozi imeneyo ndingakhale nayo. Imene sindingakhale nayo ndi yoti tsamba lizionetsa mayina a mafayilo, chifukwa mayinawo ali ndi mayina a mashopu a anthu ndi miyezi yake. Ndawachotsa. Yankho la `/momwe-zilili` tsopano likuoneka chonchi:

```json
{"mkhalidwe": "ikuyenda", "zapita": 18240, "zatsala": 40311,
 "chomaliza_masekondi": 12}
```

Nambala yomalizayo ndi imene ndimayamba kuyang'ana ine. Seva ili mu thread ina, ndiye itha kumayankha mosangalala kuti "ikuyenda" pamene thread yaikulu yakakamira penapake. Koma ukaona kuti fayilo yomaliza inapita masekondi 4,000 apitawo, sufunikanso wokuuza. Ikuwerengedwa ndi `time.monotonic`, imene sisuntha wotchi ya kompyuta ikakonzedwa. Ikadutsa mphindi 10, tsamba likusanduka lachikasu.

Lachinayi

Kufikira Pi ndili kunyumba. Njira yakale yotsegula port pa rauta sigwira pa intaneti ya SIM khadi. Ukayang'ana adiresi imene rauta yapatsidwa, si yapoyera, ndipo makasitomala ambirimbiri amatulukira pa adiresi imodzi ya kampani. Zimenezi ndi CGNAT, ndipo si za kuno kokha, makampani a mafoni m'mayiko ambiri amatero poti ma adiresi a IPv4 anachepa. Wochokera kunja alibe pogogoda. Kunena zoona zandikomera, chifukwa zikanatheka ndikanakopeka kuika `http.server` poyera.

Ndaika Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zako pa netiweki yanuyanu, pa Pi ndi pa foni yanga. Imayenda pa WireGuard, zipangizo zonse ziwiri zimayamba zokha kulumikizana kuchokera mkati, ndipo zonse zodutsamo ndi zobisika. Chipangizo chilichonse chimalandira adiresi yoyamba ndi 100, yochokera m'gulu la 100.64.0.0/10, lomwe lija linapatulidwira CGNAT m'chaka cha 2012. Njira ina ikanakhala ya `ssh -R` kupita ku seva yobwereka, koma imeneyo ndi ndalama mwezi ndi mwezi, zolipira m'madola.

Seva tsopano ikumvetsera pa adiresi ya Tailscale. Ndayesa ndili pa khonde ku Chilomoni, ndi data ya pa foni. Yaima, yapitiriza.

Lachisanu

Magetsi anathima ku Limbe m'mawa. Atabwera, script sinadzuke bwino, ndipo log inali ndi `OSError: [Errno 99] Cannot assign requested address`. Pi imadzuka msanga kuposa rauta, ndiye script inapempha kumvetsera pa adiresi ya Tailscale imene inali isanabadwe. Kulemba `After=tailscaled.service` mu systemd, imene imadzutsa mapulogalamu Pi ikayaka, sikokwanira, chifukwa kumangotsimikiza kuti pulogalamuyo yayamba, osati kuti adiresi yafika.

Ndikanatha kuika zoti iziyesayesa mpaka zitheke. Koma anthu a mu ofesi nawonso akufunika kufika pa tsambali kudzera pa Wi-Fi, ndipo sindikufuna kuika Tailscale pa foni ya aliyense. Ndiye ndasintha kukhala `0.0.0.0`, kutanthauza makomo onse a Pi. Rauta ilibe port yotsegula, kunja kuli CGNAT, ndipo pempho lililonse likufuna kiyi. Pa rauta ndamangirira adiresi ya Pi kuti isamasinthe, ndalemba pa kapepala n'kumata pambali pa sikana.

Ndakulunganso kuyambitsa seva mu `try`. Ngakhale seva itakanika kudzuka, malisiti azipitabe. Chowongolera sichiyenera kugwetsa ntchito imene chikuwongolera.

Kuthima kwa lero kwaonetsa china chachikulu. Script inali itaimitsidwa dala magetsi asanapite. Event imakhala m'memori, ndiye Pi itadzuka inaiwala zonse, ndipo pakanapanda Errno 99 ija ikanayamba kutumiza ndi mphamvu zonse anthu ali pakati pa ntchito. Tsopano mkhalidwe ukulembedwa m'kafayilo nthawi iliyonse batani likadinidwa. Ndikulemba kaye m'fayilo yongoyembekezera, kuchita `fsync`, kenako `os.replace`, kuti magetsi akathima pakati pasatsale fayilo ya theka. Podzuka, script ikuwerenga kafayiloka isanagwire chithunzi chilichonse. Kakapezeka kosawerengeka, ikudzuka ili yoima.

Lachiwiri, sabata yachitatu

Ndinatsegula tsamba Lolemba usiku, ndinapeza "yaima", ndipo fayilo yomaliza inali itapita Lachisanu masana. Wina anaimitsa kuti amalize ntchito yake, anaweruka, n'kupita kwawo. Loweruka ndi Lamlungu lonse, nthawi imene mu ofesi mulibe munthu ndipo intaneti ili pululu, palibe chinatumizidwa. Makiyi a aliyense payekha anandiuza kuti anali ndani, koma zimenezo sindinazitengere patali. Woimitsa amakhala ndi chomukakamiza, pamene woyambitsanso alibe chomukumbutsa. Aliyense akanachita chimodzimodzi.

Ndiye batani loimitsa mpaka kalekale ndalichotsa pa tsamba la anthu onse. M'malo mwake pali awiri, "Imani ola limodzi" ndi "Imani mpaka 5 koloko". Nthawi ikakwana script ikupitiriza yokha. Wofuna nthawi ina adinanso. Kuimitsa kopanda malire kwatsala pa kiyi wanga ndi wa abwana.

Izi zabweretsa nkhani ya wotchi. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya batire. Ikadzuka imayambira pa nthawi yomaliza imene inasunga, mpaka itafunsa pa intaneti kudzera pa NTP. Tiyerekeze magetsi athima 10 koloko usiku n'kubwera 9 koloko m'mawa. Kwa kanthawi Pi ikhulupirira kuti kukadali usiku. Kapena athima 2 koloko masana script itauzidwa kuti idikire mpaka 5 koloko, n'kubwera 6 koloko, iyo n'kumaona ngati kwatsala maola atatu. Tsopano script isanaweruze chilichonse chokhudza nthawi ikufunsa `timedatectl show -p NTPSynchronized --value`, ndipo ikapanda kumva `yes` ikudikira, tsamba n'kulemba kuti "ikudikira wotchi". Nthawi ndikuwerengera ndi `zoneinfo`, pa `Africa/Blantyre`, maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse. Kuno sitisuntha wotchi ndi nyengo, ndiye mutu umodzi wachepa.

Lachinayi

Abwana, ataona kuti zikugwira, abwera ndi mndandanda. Akufuna batani lozimitsa Pi, lina lofufuta zithunzi zimene zapita kale kuti disiki ipume, lina loti azilemba lamulo lililonse ali kunyumba.

Lomalizali ndakana osaganiza kawiri. Bokosi lolandira lamulo lililonse pa HTTP yopanda HTTPS, pa Wi-Fi ya makasitomala, ndi kupereka kompyuta yonse kwa aliyense wotola kiyi. Lofufuta ndakananso. Zonse zimene tsambali limachita pano ndi zobwezeka, ukadina molakwa umadina linalo, ndipo ndi chifukwa chake ndinalolera chitetezo chochepa. Kufufuta sikubwezeka. Tikadzafuna kupumitsa disiki ndidzachita ndekha pa SSH, nditayamba ndayendetsa `rclone check` kuti nditsimikize kuti za kuno ndi za ku Drive zikufanana.

Lozimitsa lili ndi nzeru, poti madzulo ena amafuna kuzimitsa zonse za pakhoma mvula ya ziphaliwali ikamabwera. Koma pali msampha. Script ikatseka, seva imatseka nayo, ndipo foni ilibenso woiyankha. Batani lozimitsa lingakhalepo, loyatsa silingakhalepo. Ndiye ndawafotokozera kuti, "Bwana, mukazimitsa muli kunyumba, woyatsa ayenera kukhala munthu wa miyendo." Tagwirizana kuti likhale pa kiyi wawo yekha, lizifunsa kawiri, ndipo lizigwira pokhapokha pempho lachokera pa Wi-Fi ya mu ofesi.

Polemba ndasamala ziwiri. Script ikakhala itagona pa `wait`, kuika chizindikiro chotseka pakokha sikuidzutsa, ndiye pempholi likuyenera kutsegulanso Event yoyamba ija, ndipo mzere wotsatira `wait` uziyang'ana kaye ngati tikutseka. Chinanso, yankho lipite ku foni seva isanagwe, apo ayi munthu aona ngati zakanika n'kudinanso. SIGTERM, uthenga wouza pulogalamu kuti itseke, yochokera ku systemd ikudutsa njira yomweyi. Mu unit ndasiya `Restart=on-failure`, kuti ikagwa idzutsidwe koma ikatuluka mwaulemu ndi 0 isiyidwe. Mphamvu yozimitsa makina ndaipereka mu sudoers, fayilo ya zilolezo za root, pa lamulo limodzi lokhalo.

Loweruka

Ganizo lochokera kwa mnyamata amene amasikana. Anati, "Akulu, m'malo moimitsa, bwanji izingoyenda pang'onopang'ono masana?" Ali ndi mfundo, mwina kuposa ya mabatani anga. Mu rclone muli `--bwlimit`, yoikira malire a liwiro, ndipo poti rclone amabadwa mwatsopano pa fayilo iliyonse, script itha kumupatsa malire atsopano nthawi iliyonse. Ndawonjezera POST ya `/liwiro` yolandira mawu awiri okha, "pang'ono" kapena "zonse", osati nambala yolemba munthu. Thupi la pempho ndikuliwerenga motsatira Content-Length, ndipo loposa mabayiti 200 ndikulikana.

Kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, iziyamba pa "pang'ono" yokha. Ndayamba ndi `100k`, makilobayiti pafupifupi 100 pa sekondi, ndipo tiyesa kukweza mpaka pamene anthu ayambe kumva. Netiweki ya ku Limbe masana, msika uli pakati, si yofanana ndi ya usiku, choncho nambala yabwino tiipeza poyesa tsiku la ntchito, osati lero. Ma PDF aakulu ndawasunthira kumapeto kwa mzere kuti azipita usiku wokha.

Chimene sichinathe ndi cha magetsi. Akathima, Pi ndi rauta zimapita limodzi, ndipo foni yanga imangozungulira osanena kuti vuto ndi magetsi, netiweki kapena bandulo yatha. Abwana avomera kugula ka UPS kakang'ono ka DC, kabatire kodyetsa rauta magetsi akathima, ndipo ndikufuna kokhala ndi potulukira 5V ya 3A kuti Pi 4 idyenso pomwepo, ngakhale hadi disiki ingafune poyidyetsa payokha. Lolemba ndikayang'ana m'mashopu a ku Limbe komweko ndisanalowe mu ofesi, ndipo ndikakhala nawo mpaka masana kuti tiyese `100k` ija anthu onse ali pa makompyuta.